Nsalu yanga inasuluka, tsopano ndikukaphunzira batik ndi tapestry: ndikaike mtima pa chiyani?

Funso: Ndine telala wa ku Zomba. Ndapeza malo pa maphunziro a miyezi itatu pamalo ena ophunzitsira ntchito zamanja, pomwe amaphunzitsa tie and dye, batik ndi kuwomba nsalu za zithunzi zopachika pakhoma, zija amati tapestry. Ndinayesapo kunyika nsalu kunyumba ndi utoto wa m'mapaketi, koma nditachapa kawiri inasuluka, ndipo malo omwe ndinamanga munalowa utoto. Ndinalakwitsa chiyani? Nanga kumaphunziroko ndikaike mtima pa chiyani, popeza miyezi itatu si yambiri?

Yankho: Mayi, tiyambe ndi nsalu inasuluka ija, chifukwa yankho lake likuuzaninso zimene muyenera kukazigwiritsa kumaphunziroko. Pa ntchito ziwiri zonsezi, yonyika utoto ndi yowomba, chimene chimawononga nsalu chimachitika kale, maluwa asanayambe n'kuwoneka komwe. Ophunzira ambiri amathamangira zojambula, n'kubwerako ndi maluwa makumi awiri m'mutu koma opanda muyeso ngakhale umodzi wolembedwa. Maluwa mudzapeka nokha, ndinu telala. Kwa mphunzitsi mukatengeko miyeso ndi kagwiridwe ka dzanja.

Choyamba kukayikira ndi nsalu yeniyeniyo. Nsalu zambiri zoyera za m'misika yathu, makamaka popilini wosokera mayunifolomu, n'zosakaniza thonje ndi poliyesitala, ndipo utoto wa thonje sugwira poliyesitala ngakhale munyike tsiku lathunthu. Musanagule mamita ambiri, dulani kachidutswa mukayatse ndi machesi. Thonje limayaka ngati pepala, limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo limasiya phulusa lofewa lomwe limanyenyeka pa chala. Poliyesitala amakhwinyata, amasungunuka, n'kusiya kambulu kolimba kakuda. Nsalu yosakaniza imachita zonse ziwiri pang'onopang'ono, ndipo ikanyikidwa imatuluka yotumbuluka ngati yakalekale. Ulusi wanu wa pamakina nawonso nthawi zambiri ndi wa poliyesitala, choncho malaya osokasoka mukawanyika, misoko yonse imatsala yoyera.

Ngakhale bafuta weniweni wa thonje amabwera ndi sitachi ndi mafuta a kufakitale, zomwe zimatchinga utoto. Kumutsukuluza kamodzi sikokwanira. Muwiritseni kwa ola limodzi m'madzi ambiri okhala ndi sopo pang'ono ndi soda ash (ufa woyera wochapira, wamphamvu kuposa soda wophikira) wokwana magalamu 2 pa lita iliyonse. Mudzawona madzi akusanduka achikasu. Akauma, donthezani madzi pamwamba pake. Dontho likalowa nthawi yomweyo, nsalu yakonzeka. Likakhala kaye pamwamba ngati mame pa tsamba la koko, bwerezani.

Kenako utoto. Wa m'mapaketi wowiritsa ndi mchere uja nthawi zambiri umangokakamira pa ulusi osalumikizana nawo, ndiye kuchapa kulikonse kumachotsako pang'ono. Umafunanso kuwiritsa kwa nthawi yaitali, zimene zimafewetsa zingwe zomangira ndi kusungunula phula la batik. Pa ntchito yotchinga malo ena a nsalu kuti utoto usalowemo pamafunika utoto wa m'madzi ozizira, ndipo ulipo wa mitundu iwiri yomwe mukaipeze kumaphunziro. Tsiku loyamba lomwelo kafunseni kuti womwe akugwiritsa ntchito ndi uti, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana ndipo sasinthanitsidwa.

Woyamba ndi reactive dye. Kampani ya ICI ya ku Britain inayamba kugulitsa utoto wa mtundu umenewu mu 1956 pa dzina la Procion. Ubwino wake ndi woti ukakumana ndi soda ash umalumikizana ndi thonje lenilenilo, moti pambuyo pake mutha kuwiritsa nsaluyo osasuluka. Muyeso wake umayendera kulemera kwa nsalu youma, n'chifukwa chake sikelo yaing'ono ya kukhitchini ndi chida choyamba kugula. Tiyerekeze nsalu yanu ikulemera magalamu 500. Madzi akhale malita 10. Utoto magalamu 10 ukupatsani mtundu wapakatikati, magalamu 20 mtundu wakuya, pamene wakuda umafuna magalamu 30 mpaka 40. Mchere wamba magalamu 500, ndipo pa mitundu yakuya onjezerani kufika 800. Soda ash magalamu 50 mpaka 70. Sungunulani mchere m'ndowa, sungunulani utoto padera m'kapu ya madzi ofunda mpaka pasakhale timibulu, thirani m'ndowamo, ndipo ikani nsalu ili yonyowa kale. Itembenuzeni kwa mphindi 15 kapena 20. Ndipamene mumaitukula, n'kuthira soda ash wosungunula kale, n'kuibwezeramo kwa mphindi zina 45 mpaka ola, mukuitembenuzabe.

Ndondomeko imeneyi ili ndi chifukwa chake. Mchere umakankhira utoto ku nsalu, pamene soda ash ndi amene amaukhoma. Mukayamba ndi soda ash, utoto umakhomeka pomwe wafikira poyamba ndipo nsalu imatuluka yamawangamawanga. Komanso soda ash akangolowa, utoto umayamba kulumikizana ndi madzi omwe, moti pakatha ola limodzi kapena awiri ndowayo imakhala yakufa ngakhale madzi akuwoneka amtundu wowala. Ambiri amasunga madzi otsalawo kuti anyikire nsalu ina mawa, kenako n'kumadabwa kuti yasuluka. Potsuka yambani ndi madzi ozizira kuti soda ndi mchere zichoke, kenako madzi otentha ndi sopo mpaka madzi aziyera. Utoto womwe umatuluka panthawi imeneyi ndi wotsala womwe sunagwire, ndipo ukapanda kuchoka pano ukachokera kwa kasitomala wanu.

Ngati mukufuna mitundu ingapo pa nsalu imodzi yomanga, njira imasintha. Mumaviika nsalu yomangayo kwa mphindi 20 m'madzi a soda ash amphamvu, magalamu 200 pa malita 4, n'kuifinya, n'kudonthezera utoto wosungunula ndi botolo loboola chitsekero, tisupuni tiwiri ta tiyi pa kapu imodzi ya madzi. Mukatero ikulungeni m'pulasitiki kuti isaume, ikhale maola 12 mpaka 24 pamalo ofunda. Utoto umenewu umachita ulesi kukazizira kutsika madigiri 21, ndipo kwanu ku Zomba mu Juni ndi Julayi zimenezi zidzakuchitikirani. Ikani mtolowo padzuwa uli m'pulasitiki yakuda, ndipo musaumasule msanga.

Soda ash akasowa, soda wophikira therere uja salowa m'malo mwake ali choncho, ndi wofooka. Koma mukamuyala pa thileyi n'kumuwotcha mu uvuni wa madigiri 200 kwa ola limodzi amasanduka soda ash weniweni. Chidulo nachonso chili m'gulu lomweli, kungoti mphamvu yake imasiyana malinga ndi phulusa lomwe mwatcheza, ndiye simungabwereze mtundu womwewo kawiri.

Utoto wachiwiri ndi vat dye, womwe ambiri ochita tie and dye mu Africa muno amaudalira, wosakaniza ndi kositiki soda ndi ufa wonunkha wotchedwa hydros. Utoto umenewu susungunuka m'madzi pawokha. Mankhwala awiriwo amausandutsa wosungunuka kwa kanthawi, umalowa mu ulusi, ndipo nsalu ikatuluka n'kukumana ndi mpweya umabwerera mwakale uli m'kati, osatulukanso. N'chifukwa chake mtundu wa m'ndowa umasiyana ndi womwe mudzapeze pomaliza. Indigo ndi wa banja lomweli: nsalu imatuluka yobiriwira mwachikasu, n'kusanduka yabuluu mukuyang'ana. Mdani wa ndowa yotere ndi mpweya. Musaitakase mwamphamvu, nsalu ilowe ndi kutuluka mwakachetechete, ikhale pansi pa madzi mphindi 5 mpaka 10, kenako iyanikidwe pamthunzi mphindi 15 musanaitsuke kapena kuinyikanso. Mtundu wakuya umabwera ndi kunyika kangapo. Hydros akalowa chinyezi amafa, choncho akakhala wa mibulumibulu musagule. Miyeso yake kalembeni kuchokera kwa mphunzitsi pa utoto womwe mukagwiritse ntchito, chifukwa mphamvu yake imasiyana malinga ndi wopanga.

Apa ndikuchenjezeni ndi mtima wonse, chifukwa kositiki amachititsa khungu akalowa m'maso. Nthawi zonse kositiki ndiye amathiridwa m'madzi pang'onopang'ono. Madzi akathiridwa pa kositiki amawira n'kukuthovukirani kumaso. Valani magolovesi atali a labala ndi magalasi, gwirirani ntchito panja, ndipo posakaniza ufa wa utoto uliwonse valani masiki. Mapoto athu ambiri ndi a aluminiyamu, ndipo kositiki amawadya, ndiye gwiritsani ndowa za pulasitiki yolimba. Chiwiya chomwe chalowa utoto chisabwererenso kukhitchini, ndipo madzi otsala atayidwe m'dzenje lake kutali ndi chitsime, dimba kapena mtsinje.

Tibwere ku malo munamanga aja omwe munalowa utoto. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala kumanga kosalimba, ndi kunyika nsalu youma. Nsalu yomangidwa bwino imalimba ngati mtengo, chikhadabo sichilowa pansi pa chingwe. Mangirani malegeni, ulusi wa matumba kapena timizere ta pulasitiki, zinthu zomwe sizimwa madzi. Mukamanga, viikani mtolo wonse m'madzi oyera kwa theka la ola. Madziwo amadzaza m'kati mwa mapindo, ndiye utoto ukafika umapeza malo ali kale ndi eni ake. Nsalu youma imakoka utoto ngati chingwe cha nyali.

Inuyo ngati telala, njira yomwe ingakupatseni dzina msanga ndi yosoka. Mumajambula mzere ndi choko, n'kusoka ndi dzanja misoko yoyenda ya theka la sentimita ndi ulusi wolimba wophatikiza pawiri, mfundo yaikulu koyambira. Musakoke mzere uliwonse mpaka mizere yonse itasokedwa. Kenako kokani umodziumodzi mpaka nsalu ikhwinyate kotheratu, inyowetseni, kokaninso chifukwa ikanyowa imalola, ndipo mangani. A Yoruba a ku Abeokuta ku Nigeria amaitcha njira imeneyi adire alabere, yomanga amati adire oniko, ndipo ku Japan zonsezi zili pansi pa dzina la shibori. Pomasula samalani ndi lezala, chifukwa nsalu zambiri zabwino zimabooledwa pa mphindi yomaliza imeneyi.

Batik ndi kutchinga ndi phula lotentha. Kwawo kwenikweni ndi ku Java m'dziko la Indonesia, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu mu 2009. Chitenje chomwe mumasoka tsiku ndi tsiku ndi mdzukulu wake, popeza mafakitale a ku Netherlands, monga Vlisco ya ku Helmond, anayamba ndi kutsanzira batik wa ku Java pa makina. Phula lake limakhala losakaniza mitundu iwiri. La njuchi ndi lofewa, limamatirira ndipo limapindika osasweka. La makandulo ndi louma, limathetheka, ndipo ndi lomwe limabweretsa timizere ta ming'alu tomwe anthu amaidziwira batik. Akamati paraffin wax akunena phula la makandulo lomweli, osati palafini wa mu nyali, chonde musadzasokoneze. Yambani ndi theka kwa theka. Mukafuna mizere yoyera yosang'aluka chulukitsani la njuchi, mukafuna ming'alu yambiri chulukitsani la makandulo, koma la makandulo lokha limagwa pa nsalu m'ndowa momwemo. Alimi a njuchi ambiri amataya zisa akafinya uchi. Mukaziwiritsa m'madzi n'kusefa pa thumba, phula loyera limaundana pamwamba madzi akazizira.

Luso lonse la batik lagona pa kutentha kwa phula. La njuchi limasungunuka pa madigiri pafupifupi 63, koma kusungunuka kokha sikokwanira. Limalowa bwino mu nsalu pa madigiri 110 mpaka 120. Popanda choyezera, nsalu yomwe ikuuzani. Phula lotentha bwino limalowa mpaka kuseri ndipo malowo amawoneka oderako, owonekera mukawalozetsa kudzuwa. Likakhala loyera pamwamba ngati mafuta oundana, lazizira, ndipo utoto udzadutsa pansi pake. Likamathamanga kupitirira mzere kapena kufuka utsi, latenthetsa, ndipo utsi umenewo ndi chenjezo loti moto uli pafupi. Pa mbaula ikani makala ochepa ophimbidwa ndi phulusa, ndipo chivindikiro ndi ndowa ya mchenga zikhale pambali. Phula likayaka vindikirani. Madzi amangomwaza motowo. Mukamaliza kupaka, tembenuzani nsalu muwone kuseri, ndipo pomwe phula silinatulukire pakaninso kuchokera kumbuyoko.

Zopakira zilipo zitatu. Bulashi ikhale ya ubweya weniweni, ya pulasitiki imapiringizika ndi kutentha. Canting ya ku Java ndi kachikho ka kopa kokhala ndi kampopi, kolembera mizere yopyapyala ndi madontho; gwirani kansanza kudzanja lina kuti muzitchinjiriza kampopiko pochoka pa poto. Ndipo pali zidindo, zomwe ndizo zimapangitsa ntchito ya mamita ambiri kukhala yopindulitsa. Ku Java zimakhala za kopa, koma ku Ghana ambiri amasema siponji ya matiresi ndi lezala, ndipo zimagwira bwino lomwe. Viikani chidindo, chikutumuleni kamodzi kuti phula lochuluka ligwe, dindani pa tebulo loyalidwa zofewa.

Chomwe chimazunguza mutu masabata oyamba ndi kuganiza chobwerera. Phula limasunga mtundu womwe uli kale pansi pake, ndipo utoto uliwonse watsopano umasakanikirana ndi womwe waupeza. Ndiye mumayamba ndi wowala kupita ku wakuda. Tchingani zomwe zikhale zoyera, nyikani mu chikasu, yanikani pamthunzi mpaka iume gwa, tchingani zomwe zikhale zachikasu, nyikani mu buluu. Zotsalazo zituluka zobiriwira, osati zabuluu. Mukawonjezera ofiira pa zobiriwirazo mupeza bulauni. Amene akufuna buluu weniweni ndi chikasu chenicheni pa nsalu imodzi ayenera kupaka utoto ndi bulashi m'zigawo zozingidwa ndi phula, kapena kuchotsa phula lonse n'kuyambanso. Madzi onyikira asapitirire madigiri 30, ndowa ikhale yotakata kuti nsalu isapindike kwambiri, ndipo dziwani kuti soda ash ndi kositiki amadya phula la njuchi pang'onopang'ono, choncho mukanyika kawiri yang'anani malo ofooka muwapakenso. Pomaliza wiritsani nsalu m'poto wamkulu wa madzi, ikanikizeni pansi ndi mtengo, siyani zizizire, ndipo phula loundana pamwamba muliwole kuti mudzaligwiritsenso ntchito. Kusita pakati pa mapepala kumachotsa lambiri koma kumasiya mkombero wa mafuta, ndipo nyuzipepala yatsopano imasiya inki yake.

Pali njira inanso yosafuna moto, yotchinga ndi phala. Ku Nigeria amaphika phala la ufa wa chinangwa n'kulemba nalo ndi nthenga ya nkhuku, amati adire eleko. Ku Zimbabwe amagwiritsa phala la chimanga, n'chifukwa chake amati sadza batik, ndipo ku Mfuwe ku Zambia a Tribal Textiles amapanga nsalu zawo ndi njira ya sitachi yomweyi. Kapu imodzi ya ufa wa tirigu pa kapu imodzi ya madzi, yosefedwa bwino n'kuikidwa m'botolo lofinya, ndi poyambira pabwino. Phala silipirira kuviikidwa nthawi yaitali, choncho likauma mumapaka mtundu ndi bulashi, n'kudzalipala pambuyo pake. Njira imeneyi ndi ya chilimwe. M'dzinja phala limachita nkhungu lisanaume, ndipo usiku mphemvu ndi makoswe zimadya maluwa anu.

Tsopano tapestry, yomwe ndi ntchito ya mtima wina. Kuwomba nsalu si kwachilendo kwathu kuno: David Livingstone atayenda m'chigwa cha Shire mu 1859 anapeza a Mang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu zawo zotchedwa machila. Kusiyana kwake n'koti mu tapestry ulusi wopingasa umakwirira woimirira kotheratu, ndipo suyenda kuchoka m'mphepete kufika m'mphepete. Mtundu uliwonse umapita ndi kubwerera m'kagawo kake kokha, ndipo chithunzi chimamangidwa pamodzi ndi nsaluyo, kuyambira pansi kukwera m'mwamba ngati khoma la njerwa. Si kupeta pa nsalu yomwe ilipo kale.

Ngakhale malo ophunzirirawo akhale ndi chowombera chachikulu, uzani kalipentala akupangireni felemu yanuyanu ya masentimita 40 kwa 50, ya matabwa ochindikala osapindika. Kumtunda ndi kumunsi khomani misomali yaing'ono m'mizere iwiri yosemphana kuti thabwa lisang'aluke, motalikirana mamilimita 14 pa mzere uliwonse. Mukatero msomali umabwera pa mamilimita 7 aliwonse, ndipo popeza uliwonse umanyamula ulusi uwiri, mupeza ulusi woimirira pafupifupi utatu pa sentimita, womwe ndi muyeso wabwino kwa woyamba. Ulusi woimirira ukhale thwayini wa thonje wopotedwa molimba, wosatamuka. Wa nayiloni wa asodzi umaterera ndipo ulusi wopingasa sukhazikika pa iwo. Kungani mofanana kuyambira woyamba mpaka womaliza, kenako yendetsani chikhatho pamwamba mutatsinzina: wofooka mudzaumva. Ukonzeni pomwepo, chifukwa mukawomba masentimita asanu sukonzekanso, ndipo malo amenewo adzakhala otukusira mpaka kumapeto. Musanayambe chithunzi, lukani mizere iwiri yopiringiza pansi kuti ulusi utalikirane mofanana ndiponso ntchito isatsetserekere pansi.

Lamulo la makulidwe ndi losavuta: ulusi wopingasa, kaya ndi umodzi kaya mwaphatikiza ingapo, ukwane mpata wa pakati pa ulusi uwiri woimirira. Ukanenepa kuposa apo sutsika bwino ndipo timadontho toyera ta thwayini timasuzumira, tomwe owomba a ku Ulaya amatitcha nsabwe. Ubweya wa nkhosa ndiwo umakwirira bwino kwambiri, koma kuno ndi wosowa. Wolukira majuzi wa m'mashopu ndi akiliki, womwe ndi wokwanira pophunzira ngakhale umatamuka ndipo sumwa utoto wa thonje. Majuzi a ubweya weniweni a pa kaunjika mutha kuwamasula. Ubweya ukapsa umanunkha ngati tsitsi. Koma musaunyike ndi soda ash kapena kositiki, amauwononga. Ubweya umafuna utoto wakewake wotchedwa acid dye ndi viniga, pa moto wosawiritsa, osautakasa. Ulusi wa thonje womwe mwanyika nokha ndi pomwe maphunziro anu awiriwa amakumanirana, ndipo mukaumanga ndi timapulasitiki musanaunyike mupeza ulusi wosinthasintha mtundu, womwe ndi maziko a ikat, nsalu yowombedwa ndi ulusi wonyikidwa kale motero. Zidutswa za zitenje za pansi pa makina anu, zodulidwa timizere ta sentimita imodzi, zimawombekanso bwino ngati mutalikitsa ulusi woimirira.

Vuto lomwe woyamba aliyense amakumana nalo ndi loti nsalu imayamba yotakata n'kumaning'a pokwera, ngati chiuno cha mavu. Chifukwa chake n'choti ulusi wopingasa suyenda mowongoka, umakwera ndi kutsika pa ulusi uliwonse woimirira, ndiye umafuna utali woposa m'lifupi mwa nsalu. Mukaukoka molunjika, utali wosowawo umautenga pokokera m'mphepete m'kati. Mankhwala ake ndi kuuyala ngati timapiri musanautsitse, kenako n'kutsitsa kaphiri kamodzikamodzi ndi foloko yodyera, kuyambira komwe ulusi wachokera. Ukachulukanso, nsalu imachita makwinya ndipo m'mphepete mumatuluka timakutu. Muyeso wa pakati pa ziwirizi sulembeka m'buku, dzanja limauphunzira lokha, ndipo ndi chifukwa chake mphunzitsi woima pambali panu ali wofunika pa sabata ziwiri zoyamba. Yezani m'lifupi ndi tepi yanu pa masentimita awiri aliwonse. Mukapeza kuti mwataya mamilimita atatu, masulani mubwerere.

Pomwe mitundu iwiri yakumana, uliwonse ukabwerera kwake pamatsala kampata. Pa mzere wopendekera timipata timeneti sitiwoneka, koma pa mzere woimirira mpata umakula, ndipo ukapitirira sentimita imodzi ndi theka uyenera kusokedwa kumbuyo kapena mitunduyo ikolekedwe powomba. N'chifukwa chake chithunzi chokhala ndi mizere yambiri yoimirira, monga mitengo kapena anthu oima, amachiwomba chogona chammbali. Mitundu yoyandikana iziyenda mosemphana, kukumana ndi kusiyana. Ikayenda mbali imodzi, pokumanirapo ulusi uwiri umagona mu mpata umodzi ndipo thwayini amawoneka. Simungawombenso pamwamba pa malo omwe pansi pake mulibe kanthu, choncho chigawo chomwe chikuchepa pokwera, monga phiri, chimawombedwa poyamba, thambo n'kudzadzaza m'mbali mwake. Ndipo chilichonse chimafupika mizere yapamwamba ikachipsinja, moti dzuwa lozungulira limatuluka ngati dzira logona mukapanda kulitalikitsako.

Za chojambula choika kumbuyo kwa ulusi, aphunzitsi amasiyana. Ku Gobelins, malo owombera tapestry a ku Paris omwe anakhazikitsidwa mu 1662, owomba amatsata chithunzi cha wojambula mosaphonya. Koma Ramses Wissa Wassef, yemwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anayamba kuphunzitsa ana a m'mudzi wa Harrania pafupi ndi Giza ku Egypt, analetsa chojambula chilichonse, ndipo anawo ankawomba za m'mutu mwawo. Kufupi kuno, ku Rorke's Drift ku KwaZulu-Natal m'zaka za m'ma 1960 ndi ku Oodi ku Botswana kuyambira 1973, amayi ankawomba nkhani za m'midzi yawo. Langizo langa n'loti mwezi woyamba musawombe chithunzi konse. Wombani kansalu koyesera ka masentimita 15 m'lifupi kokhala ndi mizere, makwerero, katatu ndi bwalo. Pambuyo pake jambulani chanu chokhala ndi zigawo zikuluzikulu zosaposa zisanu, popeza pa ulusi utatu pa sentimita nkhope ya munthu kapena zilembo sizituluka. Mukamaliza siyani thwayini wa masentimita 10 podula, mangani awiriawiri, ipumitseni tsiku limodzi kapena awiri iyalidwe pansi, ndipo mupinde m'mphepete kumbuyo.

Pa kagawidwe ka miyezi itatuyo, ikani mphamvu zambiri pa utoto, chifukwa ndi womwe umafuna zipangizo ndi mankhwala a pamalopo, ndipo ndi womwe ungalowe mu bizinesi yanu mwezi womwewo mukabwerako. Tapestry ndi yochedwa; kagawo kofanana ndi chikhatho kamadya maola angapo kwa woyamba, ndiye muziiwomba ola limodzi tsiku lililonse pa felemu yanu, n'kumalemba maolawo kuti podzaika mtengo musadzadzibere. Tengani kope lachikuto cholimba. Pa ndowa iliyonse dulani tizidutswa tiwiri, kamodzi kosachapa, kena kochapa katatu ndi sopo, mutimate pa tsamba limodzi ndi kulemera kwa nsalu, magalamu a utoto, mchere, soda, mphindi ndi mmene kunja kunachera. Mphunzitsi akanena kuti "thirani pang'ono", pemphani mwaulemu kuti pang'onopo muike pa sikelo musanathire.